Moto wa ku Zomba ndi Kasungidwe ka Makalata a Dziko

M'chaka cha 1919 nyumba ya Mlembi Wamkulu wa Boma ku Zomba inapsa ndi moto. Nyumba imeneyi Azungu ankaitcha Secretariat, ndipo ndimo munkasungidwa makalata aakulu a Boma la Nyasaland. Makoma ndi denga anthu akhoza kumanganso, koma zimene zinali m'katimo sizinabwererenso. Makalata ambiri a zaka 28, kuyambira mu 1891 pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, anasanduka phulusa.

Kapena wina adzafunsa kuti, "Nanga ife zitikhudza bwanji? Kodi amenewo sanali mapepala a Azungu?" Funsoli ndi loyenera. Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale mudziwa mtengo wake wa mawu olembedwa, pakuti munakhala zaka zambiri mukupempha ena kuti akuwerengereni kalata yanuyanu. Mwina mwayamba kuganiza kuti chinthu chikalembedwa, basi chakhazikika. Mbiri ya moto wa ku Zomba itiphunzitsa zina. Cholembedwa sichidzisunga chokha. Chikhala kufikira mibadwo ya m'tsogolo pokhapokha pali anthu ochisamala, ndiponso ngati sichili pamalo amodzi okha.

Zimene zinapsa

Makolo athu asanadziwe pepala ankasunga mbiri m'mitima ya anthu. Munthu akamalowa ufumu, akuluakulu ankatchula maina a mafumu amene anamtsogolera. Pa mlandu wa malire a munda ankaitana nkhalamba zimene zinaona pamene malirewo ankaikidwa, ndipo izo zinkaloza mtengo, chulu kapena mtsinje. Njira imeneyi inali ndi mphamvu yake, chifukwa nkhani imodzi inkakhala mwa anthu ambiri. Mmodzi akamwalira, anzake ankatsala nayo.

Boma la Angerezi linadza ndi njira ina. Harry Johnston, amene anali woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Mfumukazi Victoria, anaika likulu lake ku Zomba. Kuyambira pamenepo chinthu chachikulu chilichonse chinkalembedwa: mapangano a Boma ndi mafumu, nkhondo yomenyana ndi Mlozi ku Karonga mu 1895, kuphedwa kwa Inkosi Gomani mu 1896, msonkho wa nyumba, milandu, ndi kusonkhanitsa amtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Nkhani ya malo nayonso inali m'mapepala. Azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu anafika kwa Johnston, ndipo iye anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Ndi zikalata zimenezi malo aakulu a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre anasanduka minda ya Azungu, ndipo anthu okhala pamenepo anayamba kugwira thangata.

Tsono muone kuti ngakhale wolamula kuti zilembedwe anali Mzungu, nkhani yolembedwayo inali ya agogo athu: minda yawo, misonkho yawo, milandu yawo ndi madandaulo awo. Choipa chake cha njira yatsopanoyi n'chakuti nkhani ya anthu zikwizikwi inaunjikidwa m'nyumba imodzi. Nyumbayo itapsa, panalibe nkhalamba yoti aifunse zimene zinali m'mafayilo.

Zimene zinapulumuka, ndi chifukwa chake

Komabe mbiri ya zaka zimenezo sinatayike yonse. Chifukwa choyamba ndi ichi: Bwanamkubwa akalemba kalata yopita kwa akulu ake ku London, kalatayo inkapita pa sitima ya pamadzi, ndipo ku Zomba kunkatsala yokopera. Moto unatentha zokopera, koma zimene zinaoloka nyanja zilipo kufikira lero m'nyumba ya makalata a Boma la Britain, pamalo otchedwa Kew.

Chitsanzo chake ndi nkhani ya John Chilembwe. Iye ndi anthu ake anaukira Boma pa 23 January 1915, ndipo anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho. Pambuyo pake Boma linasankha bungwe lofufuza gwero la nkhondoyo. Bungwelo linamva umboni wa Azungu, komanso wa abusa, aphunzitsi ndi mafumu a dziko lino. Iwo ananena za thangata, za kukwapulidwa pa minda ya Azungu, ndi za kukakamizidwa kuvula chipewa pokumana ndi Mzungu aliyense panjira. Umboni umenewu unatumizidwa ku London, chotero unapulumuka. M'chaka cha 2015, patapita zaka 100, katswiri wa mbiri John McCracken anausindikiza m'buku, ndipo lero mdzukulu akhoza kuwerenga mawu amene agogo ake analankhula pamaso pa Boma.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti si Boma lokha limene linkalemba. Amishoni a ku Livingstonia, Blantyre, Likoma, Nkhoma ndi Mua anali ndi mabuku awo a ubatizo, a maukwati ndi a zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo ankalembanso makalata opita kwawo. Ana a dziko lino nawonso anagwira cholembera. M'chaka chomwecho cha motowo, 1919, ku Zomba komweko kunasindikizidwa buku la Yohanna Abdallah la mbiri ya Ayao. Pambuyo pake Yesaya Chibambo analemba mbiri ya Angoni, ndipo Samuel Ntara anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba, nalemba mbiri ya Achewa. Buku losindikizidwa lili ngati mbiri ya m'mitima ija, pakuti likhala m'manja mwa anthu ambiri, ndipo moto umodzi sungalithe.

Koma tisadzinamize. Ku London kunkapita zokhazo zimene Bwanamkubwa anaona kuti n'zoyenera kudziwika kumeneko. Timakalata tating'ono, monga dandaulo la nyakwawa kapena pempho la munthu wamba, tinalibe tokopera. Chotero pa moto umenewu mawu a akuluakulu anapulumuka koposa mawu a anthu ang'onoang'ono. Madzi akatayika saoleka.

Nkhokwe ya makalata

Panapita zaka zambiri dziko lino lisanakhale ndi nyumba yoikidwira ntchito yosunga makalata akale. Ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, nyumba yotere inayamba mu 1935. Nkhondo yachiwiri itatha, ntchito yake inakula kufikira maiko oyandikana, ndipo inatchedwa Central African Archives. Nthambi yake inatsegulidwa ku Zomba mu 1947. Inapitirira m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu, inakhala National Archives ya dziko la Malawi. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, nkhokwe ya makalatayi inatsala ku Zomba.

Taitcha nkhokwe chifukwa ntchito yake ifanana ndi ya nkhokwe ya chimanga. Mlimi salowetsa m'nkhokwe chilichonse chochokera kumunda. Amasankha, nataya choola. Momwemonso osunga makalata amaona mafayilo amene maofesi a Boma atha nawo ntchito. Ambiri amatayidwa nthawi yake ikakwana, ndipo ochepa okha, amene ali ndi umboni wofunika, ndiwo asungidwa chisungire. Osungidwawo sawasokoneza. Makalata ochokera ku ofesi imodzi akhala pamodzi, m'dongosolo lomwe eni ake anawasiyira, pakuti kalata imamveka bwino pamene ili pafupi ndi yankho lake. Kenaka amalemba mndandanda wosonyeza zimene zili m'bokosi lililonse. Pepala lopanda mndandanda, ngakhale lili lamoyo, lili ngati lotayika, chifukwa palibe angalipeze.

Phindu la kusunga kotere lioneka pa nkhani ya George Simeon Mwase. Munthu ameneyu anali m'ndende ya Zomba cha m'ma 1932, ndipo ali m'menemo analemba mbiri ya Chilembwe monga anaimva kwa mkaidi amene anamenya nawo nkhondoyo. Zolemba zakezo zinakhala phee pakati pa mafayilo a Boma zaka zambiri, kufikira pamene Robert Rotberg anazipeza, nazisindikiza mu 1967. Wina akadaziyesa zinyalala za mkaidi, tikadataya umodzi wa maumboni oyamba olembedwa ndi mwana wa dziko lino pa nkhani ya Chilembwe.

Tiyenera kunenanso kuti si moto wokha umene umachotsa makalata. Nthawi zina amachotsa ndi anthu mwadala. Pamene ulamuliro wa Angerezi unali kutha m'maiko ambiri, mafayilo ena achinsinsi anatenthedwa, ndipo ena anatumizidwa ku Britain mobisa. Zimenezi zinaululika mu 2011, pa mlandu umene nkhalamba za ku Kenya zimene zinazunzidwa m'nthawi ya Mau Mau zinasumira Boma la Britain. Boma limenelo linavomera kuti likusunga mafayilo zikwi zambiri pamalo otchedwa Hanslope Park, ochokera m'maiko 37. Mwa iwo munali a Nyasaland. Anatsegulidwa kwa anthu ku Kew m'zaka za 2012 ndi 2013. Chotero gawo lina la mbiri yathu, wofuna kuliwerenga ayenera kuoloka nyanja.

Adani a pepala

Mdani woyamba ali m'kati mwa pepala lenilenilo. Kalekale mapepala ankapangidwa ndi nsanza za nsalu, ndipo otere amakhala zaka mazanamazana. Koma kuyambira zaka za m'ma 1800 zili pakati, anthu anayamba kupanga mapepala otsika mtengo ndi mitengo yopera. Pepala lotere lili ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono. Mwaona nyuzipepala yakale m'mene imasandukira yachikasu, nkumathethekera m'manja ngati tsamba louma la fodya. Makalata ambiri a m'nthawi ya Atsamunda analembedwa pa mapepala a mtundu umenewu. Inki ina yakale inali ndi chitsulo, ndipo imadya pepala motsata zilembo mpaka kuliboola.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi pamodzi ndi kutentha. Nthawi ya dzinja pepala limamwa chinyezi cha mumpweya, limachita chuku, ndipo masamba amamatana. Mapini ndi timawaya tomangira mapepala timachita dzimbiri, dzimbirilo nkulowa m'pepala. Kutentha kumafulumiza ntchito ya asidi uja. Dzuwa nalonso limafufutitsa inki.

Mdani wachitatu ndi tizilombo. Chiswe mukuchidziwa. Chimalowera pansi kapena m'khoma mosaoneka, ndipo bokosi looneka labwino kunja likhoza kukhala dothi lokhalokha m'kati. Mphemvu ndi njenjete zimakonda ulimbo womangira mabuku, ndipo makoswe amang'amba mapepala kuti amange zisa.

Moto ndi madzi ndiwo adani aliwiro, ndipo sanaleke ntchito yawo mu 1919. Pa 18 April 2021 moto wolusa wochokera kuphiri unatentha nyumba ya mabuku ya Jagger pa University of Cape Town ku South Africa, mmene munali mabuku, mafilimu ndi makalata ambiri a mbiri ya Africa. Zimene zinali m'zipinda zapansi sizinapse, koma zinanyowa ndi madzi ozimitsira motowo. Anthu ambiri anadzipereka kuzitulutsa, akupatsirana mabokosi dzanja ndi dzanja. Zonyowa kwambiri anaziika m'mafiriji aakulu kuti ziume gwa ndi chisanu. Anatero chifukwa pepala lonyowa limayamba chuku pakangopita masiku awiri kapena atatu, koma likazizira chotero chuku sichimera, ndipo akatswiri amapeza nthawi youmitsa pang'onopang'ono.

Kuchiza pepala lodwala

Pali anthu amene amaphunzira ntchito imeneyi zaka zingapo, monga umo sing'anga aphunzirira matenda. Chiphunzitso chawo choyamba n'chakuti kupewa kuposa kuchiza. Chipinda chosungira makalata chiyenera kukhala chouma, chozizira ndi chamdima, kutentha kwake kosapitirira madigiri 20 ngati kutheka, ndiponso kosasinthasintha. Mabokosi akhale a pepala lopanda asidi, ndipo aikidwe pa mashelefu achitsulo otalikira pansi ndi khoma, monga umo nkhokwe imakhalira pamiyala kuti chiswe chisakwere. Wosunga ayenera kuyendera chipindacho kawirikawiri, kuyang'ana denga lodontha ndi njira za chiswe.

Pepala likang'ambika kapena kufooka, wochiza amayamba walipukuta fumbi ndi burashi yofewa, nachotsa mapini adzimbiri. Ngati inki yake siisungunuka, akhoza kulitsuka m'madzi oyera ndi kuliika m'mankhwala a mtundu wa laimu amene amathetsa mphamvu ya asidi. Pong'ambika amamatapo kapepala kopyapyala koma kolimba ka ku Japan, kopangidwa ndi khungwa la mtengo wa mtundu wa mabulosi. Ulimbo wake ndi kaphala kophikidwa ndi ufa wosalala wa tirigu. Amasankha kaphala kameneka chifukwa kakanyowetsedwa kamamatuka osawononga pepala.

Apa pali lamulo lalikulu la ntchitoyi: usachite pa pepala chinthu chimene wodza pambuyo pako sangathe kuchimasula. N'chifukwa chake akatswiri amakana selotepi, pakuti ulimbo wake umalowa m'pepala nkusiya banga losachoka. Amakananso kumata chikalata chakale m'pulasitiki ya moto, chifukwa chikamatidwa chotero n'kovuta kuchitulutsanso chamoyo. Lamulo lina n'lakuti wochiza asawonjezere kanthu. Ngati chiswe chinadya mawu atatu, iye amatseka bowolo ndi pepala loyera, koma salembapo mawu amene akuganiza kuti analipo. Akatero wasanduka mboni yonama. Ntchito imeneyi ndi ya anthu odekha, pakuti tsamba limodzi likhoza kutenga tsiku lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Popeza pepala lofooka limaonongeka likamagwidwagwidwa, osunga makalata anayamba kale kulijambula pa filimu yaing'ono yotchedwa microfilm, kuti owerenga azigwiritsa ntchito chithunzicho. Filimu yotere ikapangidwa bwino ndi kusungidwa pozizira, akatswiri amayembekeza kuti ikhoza kukhala zaka 500, ndipo munthu akhoza kuiwerenga ndi galasi lokulitsa ndi nyale basi.

Mawu a pa tepi

Mbiri si ya pa pepala pokha. Mawu a pakamwa ndi nyimbo nazonso zinayamba kusungidwa pamene makina ojambulira mawu anafika. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi makina otere, najambula oimba bangwe, oimba ng'oma ndi amayi oimba pamtondo. Mu 1954 anayambitsa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 ili pa Rhodes University ku South Africa. Oimbawo ambiri anamwalira kalekale, koma mawu awo akumvekabe.

Tepi ndi yofooka kuposa pepala. Ndi kalamba ka pulasitiki kopakidwa fumbi lachitsulo, ndipo mawu amakhala m'fumbi limenelo. Chinyezi chikalowa, ulimbo wogwira fumbilo umanata, ndipo tepi ikazungulira m'makina fumbi limasupuka pamodzi ndi mawu ake. Filimu yakale ya kanema ikayamba kuola imanunkha ngati viniga. Palinso vuto lina limene pepala lilibe. Pepala lifuna maso okha, koma tepi ifuna makina. Makina a matepi akale analeka kupangidwa, ndipo amisiri odziwa kuwakonza akutha. Choncho tepi ikhoza kukhala yamoyo, koma yosalankhula. Mankhwala ake ndi amodzi okha: kusamutsa mawuwo makina akadalipo.

Nthawi ya kompyuta

Masiku ano zolemba, zithunzi ndi mawu zimasamutsidwira mu kompyuta. Makinawa amasandutsa chilichonse kukhala manambala, mndandanda wautali wa 0 ndi 1, ndipo pofuna kuwerenga amawabwezanso kukhala chithunzi kapena mawu. Ubwino wake ndi waukulu. Chokopera chimafanana ndendende ndi chinzake, ndipo chikhoza kutumizidwa kutali pa intaneti m'kanthawi kochepa. Kuyambira mu 2004 nyumba ya mabuku ya British Library yakhala ikuthandiza maiko ambiri kujambula makalata amene ali pangozi, pansi pa ntchito yotchedwa Endangered Archives Programme. Lamulo lake n'lakuti makalata enieniwo atsale m'dziko la eni ake, ndipo zithunzi zikhale kuwiri. Makalata ena a maofesi a mafumu a m'nthawi ya Atsamunda kuno kwathu anajambulidwa mwa njira imeneyi.

Nthawi zina makinawa amaona zimene maso sangathe kuona. Mukumdziwa David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu mu 1859. M'chaka cha 1871 iye anali ku Nyangwe, m'dziko la Congo, mapepala ndi inki zitamthera. Anatenga nyuzipepala yakale, napanga inki ndi njere za zipatso zakutchire, nalemba pamwamba pa zilembo zosindikizidwazo. M'menemo analemba za kuphedwa kwa anthu ambiri pa msika wa Nyangwe ndi ogula akapolo, pa 15 July 1871. M'kupita kwa zaka inki yakeyo inafufutika, ndipo panalibe wotha kuiwerenga. Akatswiri otsogozedwa ndi Adrian Wisnicki anaunika mapepalawo ndi kuwala kwa mitundumitundu, kwina kosaoneka ndi maso, ndipo kompyuta inalekanitsa inki ya Livingstone ndi ya nyuzipepala. Mu 2011 mawuwo anawerengekanso. Koma zindikirani ichi: zinatheka chifukwa anthu anasunga mapepala osawerengekawo zaka 140 osawataya. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chikalata chenicheni.

Ndipo tisaganize kuti choikidwa mu kompyuta sichifa. Angerezi anaphunzira zimenezi mowawa. Iwo ali ndi buku lakale lotchedwa Domesday, la kalembera wa minda ndi chuma, lolembedwa pa zikopa mu 1086. Pokumbukira zaka 900 za bukulo, mu 1986 nyumba youlutsa mawu ya BBC inasonkhanitsa zolemba ndi zithunzi za dziko lonselo, ana asukulu ambirimbiri akuthandiza, niziika pa zimbale ziwiri zowerengedwa ndi kompyuta ya mtundu wapadera. Zisanathe zaka 20 makina owerengera zimbalezo anali atasowa, ndipo mu 2002 akatswiri a m'mayunivesite anavutika kwambiri kuti azitsegulenso. Buku la zikopa lija, la zaka zoposa 900, likuwerengekabe ndi maso. Palinso akuba a pa intaneti. Mu October 2023 iwo analowa m'makompyuta a British Library yomwe ija, ndipo zambiri zimene anthu ankawerenga ali kutali zinatsekeka miyezi yambiri.

Mlimi adzamvetsa msanga kusiyana kwake. Pepala lili ngati chimanga chouma: ukachiika m'nkhokwe yabwino chikhoza kudikira. Za mu kompyuta zili ngati mbewu ya chinangwa kapena ya mbatata: sungaiike padenga nkuiiwala, koma uyenera kuibzalanso nyengo ndi nyengo, apo ayi mtundu wake utha. Chotero osunga za mu kompyuta amazisamutsa kuchoka pa makina okalamba kupita pa atsopano pakapita zaka zingapo. Amaziyesanso kawirikawiri kuti aone ngati nambala ina yasokonezeka. Ndipo amatsata lamulo lakuti chinthu chofunika chikhale patatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo chimodzi mwa zitatuzo chikhale kutali. Lamulo limeneli si lachilendo. Ndi lomwe lija linapulumutsa umboni wa nkhani ya Chilembwe.

Makalata a m'nyumba mwanu

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Zomba kokha. M'nyumba mwanu muli chikalata cha malo, cha ukwati, cha ubatizo, setifiketi ya mwana, buku la kuchipatala, ndi chithunzi cha malemu bambo. Kwa a mfumu kuli buku la maina a anthu a m'mudzi ndi la milandu. Kutchalitchi ndi kumzikiti kuli mabuku amene akhoza kukhala umboni wokhawo wa chaka chimene munthu anabadwa. Mkangano wa malire ukabuka, kapena amasiye akamalandidwa munda, pepala limodzi lotere likhoza kuweruza mlandu. Ndipo mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola nyumba m'maboma a kummwera, madzi sanasankhe pakati pa mphika ndi chikalata.

Tsono chitani izi. Sungani makalata anu ali otambasuka, osawapindapinda, pakuti pepala limathyokera popinda. Chotsani mapini achitsulo. Aikeni m'envulopu yoyera, envulopuyo m'chitini kapena m'sutikesi yotseka bwino, pamalo okwera, kutali ndi khitchini ndi khoma lachinyezi. Musaike pepala lonyowa m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa lidzachita chuku. Likanyowa liyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa kapena pamoto. Dzinja likatha tsegulani chitinicho muone ngati zonse zili bwino. Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo maina a anthu ali pamenepo, malo ndi chaka, pakuti chithunzi cha anthu osadziwika sichithandiza mdzukulu.

Koposa zonse, chikalata chofunika chisakhale chimodzi. Chijambulitseni, ndipo chokopera chikakhale kwa m'bale wodalirika wa mudzi wina. Mukachijambula pa foni, musakhulupirire foniyo yokha, chifukwa imabedwa, imagwa m'madzi, ndipo imafa. Tumizani chithunzicho kwa mwana wanu wa kutauni, nayenso asunge.

Pomaliza, inu amene tsopano mwadziwa kulemba muli ndi ntchito imene makolo anu sanathe kuichita. M'mudzi mwanu muli nkhalamba zodziwa kumene mtundu wanu unachokera, amene anatema mtengo woyamba pamalopo, ndi m'mene anthu anapulumukira njala ya 1949. Khalani nazo pansi, mufunse mwaulemu, ndi kulemba m'kope zimene akuuzeni, osawonjezera ndi osachotsa. Lembaninso dzina la wonenayo ndi tsiku limene ananena. Mukatha, koperani kope lachiwiri, mukasiye kwa a mfumu kapena kusukulu. Akale anati mawu a akulu akoma akagonera. Koma kuti agonere, pafunika wina wowasungira pogona pouma, posafika chiswe, ndiponso pamalo oposa amodzi.